Funso limodzi kuliyankha ka 11: tithandizane nzeru za help desk ya kafukufuku wa zaumoyo

Nachisale:
Moni nonse abale. A admin mundikhululukire, ndikudziwa kuti gulu lino n'la mauthenga a maliro, maganyu ndi mabasi opita kumudzi, koma lero ndabwera ndi nkhani ya kuntchito. Muno muli angapo amene munayendapo khomo ndi khomo pa kafukufuku wa zaumoyo, kaya kumudzi kaya kuno ku Johannesburg, ndiye mundithandize maganizo.

Ine ndili pa help desk. Tilipo atatu m'kaofesi kena ku Braamfontein, ndipo matimu amene ali kunja ndi 24. Wina tabuleti ikamuvuta, kapena funso la pa fomu likamusokoneza, amaimbira ife. Dzulo lokha funso limodzi ndaliyankha ka 11: "Fomu ikukana kupita." Vuto lake n'laling'ono. Batire ikatheratu mpaka kuzima, matabuleti athu ena amadzuka ndi deti yolakwika, ndiye amakana kulumikizana ndi seva, kompyuta yaikulu imene imalandira mafomu. Ukakonza detiyo, fomu imapita. Mphindi ziwiri basi.

Koma cha m'ma 4 koloko kunaimba mtsikana wina ali ku Orange Farm. Anali atayesa kutiimbira kangapo, mafoni onse ali bize. Mnzake wa mu timu anamuuza kuti achotse app n'kuiikanso. Anachotsadi. Mafomu a mabanja 9 amene anali asanatumizidwe anapita nayo limodzi. Ntchito ya masiku awiri. Magazi anatengedwa kale, makadi amene timadonthezapo magaziwo ali ndi barcode, koma mayankho oti agwirizane nawo palibe. Mwanayo analira pa foni, ine kusowa chonena, ndipo usiku sindinagone. Yankho linali m'mutu mwanga, ndinali nditalinena ka 11 tsiku lomwelo, koma kwa iyeyo silinafike. Inu munkatani kuti chimene wadziwa mmodzi chifikire onse?

Admin:
Pitirizani achemwali, nayonso ndi nkhani ya pamoyo wathu. Kungoti musatchule dzina la kampani kapena la munthu.

Bambo a Tadala:
Pepani a Nachisale, ndipo mumupepesenso mwanayo. Madzi akatayika saoleka, koma musamusiye adziimbe mlandu yekha.

Ine ndinayamba ntchito imeneyi nthawi ya mapepala. Kafukufuku wa DHS, wa chiwerengero cha anthu ndi zaumoyo, kumudzi ku Malawi kuja amayendetsa ndi a National Statistical Office ku Zomba, ndipo wachitika mu 1992, 2000, 2004, 2010, kenako 2015 mpaka 2016 pamene anayamba kugwiritsa ntchito matabuleti. Ine ndinali nawo wa 2010. Help desk yoti uziimbira kunalibe. Chimene tinali nacho ndi madzulo. Timu yonse inkagona malo amodzi, kaya pa resitihausi kaya m'kalasi ya sukulu. Tikadya nsima, editor ankatulutsa mapepala a tsikulo n'kuyamba kuwerenga zolakwika mokweza, tonse tili chete. Wina akalakwitsa podumpha funso, tonse tinkaphunzira usiku womwewo. Supavaiza wathu anali ndi hadikava yakuda, mmene ankalemba chilichonse chachilendo: mayi amene sakudziwa chaka chobadwa tamuthandiza bwanji, mfumu imene inatikaniza tinailankhula bwanji.

Kuno ku Joni ndikuyang'anira timu, ndipo chimene chinafa ndi madzulo amenewo. Ikangokwana 4 koloko aliyense mtima uli pa taxi, afike ku Bree kapena ku Noord kusanade. Wina akupita ku Tembisa, wina ku Soweto, ine ku Turffontein. Timasiyana aliyense atanyamula zimene waphunzira m'mutu mwake. Ndiye vuto lanu silili pa mafoni okha. Mukufunika hadikava ija, koma yoti matimu onse 24 aziiwerenga.

Madalitso Alex:
Bambo, mwanena zoona, koma mundilole nditsutseko pang'ono. Mabuku alipo kale. Pa training anatipatsa buku lonenepa ngati Baibulo. Ndani analiwerengapo ali pa geti la munthu, galu akuuwa, mwini nyumba akunena kuti ali ndi mphindi 10 zokha? Komanso gulu la WhatsApp la timu tili nalo. Ukafunsa pamenepo wina amayankha. Tikawonjezera china n'kungowonjezera ntchito.

Nachisale:
Achimwene, gulu la WhatsApp lomwelo ndi limene landipweteka. Yankho la deti ndinalilemba pa gulu milungu itatu yapitayo. Pamwamba pake pabwera mauthenga mazanamazana: moni wa m'mawa, za malipiro, zithunzi, ma voice note. Ndani angalipezenso? Ndiponso voice note sufufuza. Uyenera kumvera onse mmodzimmodzi.

Che Saidi Fordsburg:
Ine kafukufuku sindinagwirepo, koma matabuleti anuwo ndi amene ndimakonza pa shopu. Ndinene ziwiri zitatu.

Ma app ngati ODK Collect ndi KoboCollect anapangidwa kuti uzigwira ntchito popanda netiweki. Fomu ukaimaliza imakhala m'tabuleti momwemo mpaka itatumizidwa. Ndiye ukachotsa app, kapena ukadina clear storage, wakolopa zonse. Achinyamata anazolowera kuti Facebook ikavuta umangoichotsa n'kuiikanso, zinthu zako n'kubwerera, chifukwa zimakhala pa seva. Apa si choncho. Mnzake uja sanafune kumupweteka, anamupatsa mankhwala a matenda ena.

Za deti: seva ndi tabuleti zimalonjerana ndi chiphaso chimene chili ndi masiku ake. Tabuleti ikamaganiza kuti tili chaka china chakale, imaona ngati chiphasocho n'chabodza, n'kukana kulumikizana. Uthenga umene umatuluka pa sikirini sunena kuti "konza deti". Umanena Chingerezi chovuta cha certificate. N'chifukwa chake munthu amathamangira kuchotsa app.

Langa ndi ili. Musanalembe buku lililonse, sindikizani kapepala kamodzi, mukamate kumbuyo kwa tabuleti iliyonse ndi selotepi: "Usachotse app. Usadine clear storage. Usapange reset. Imba kaye." Komanso auzeni akuluakulu atseke matabuletiwo kuti munthu wamba asathe kuchotsa app. Zimatheka ndithu.

Nachisale:
Che Saidi, kapepala ako ndikasindikiza mawa m'mawa. Tabuleti ya mtsikana uja ndingabwere nayo kuti muione?

Che Saidi Fordsburg:
Mufunse kaye abwana anu, chifukwa muli zinsinsi za anthu mmenemo. Ndipo ndisakunamizeni, pa Android ya masiku ano zochotsedwa choncho sizibwerera kawirikawiri.

Mphatso Randburg:
Ndalowa mochedwa, ndinali pa shifiti. Asisi, ine ndimagwira ku call centre, ndipo zimene mukudandaulazi ndi matenda athu a tsiku ndi tsiku. Pali njira ina imene anatiphunzitsa, amaitcha Knowledge-Centered Service. Dzina lisakuopseni, mfundo yake njosavuta: yankho umalilemba nthawi yomweyo pamene ukuthandiza munthu, osati kudikira Lachisanu kuti ukhale pansi ulembe buku. Lachisanu limenelo silifika.

Foni ikalira, choyamba umafufuza ngati funsolo linalembedwa kale. Ngati lilipo, umawerenga yankho lomwelo, ndipo ukaona polakwika umakonza pompo. Ngati palibe, umalemba mizere inayi: munthu wanena chiyani, ali ndi chipangizo chanji komanso fomu yanji, watani kuti zitheke, ndipo chinayambitsa n'chiyani.

Koma chimene ndikufuna mugwiritsitse ndi mzere woyambawo. Mutu wa yankho ulembedwe m'mawu a woimba foni, osati anu. Inu pa ofesi mumati "sync error". Mtsikana wa ku Orange Farm sangalembe zimenezo pofufuza. Iye alemba kuti "form not going", wina alemba m'Chizulu, wina m'Chisutu, ife tilemba "ikukana kupita". Mawu onsewo muwaike pansi pa mutu umodzi. Kwathu kuntchito tinali ndi mayankho abwino kwambiri olembedwa ndi anyamata a IT, koma sankapezeka chifukwa mitu yake inali m'chilankhulo chawo. Titasintha mitu yokha, anthu anayamba kuwapeza.

Chinanso, muziika kachizindikiro nthawi iliyonse imene mwagwiritsa ntchito yankho. Pakutha pa sabata mudzaona lomwe lafunsidwa kwambiri. Funso limene labwera ka 11 tsiku limodzi lisathere pa help desk. Lipite kwa okonza matabuleti kapena kwa ophunzitsa, alichotse muzu.

Anamwino Nangondo:
Zonsezi n'zabwino, koma ine mtima wanga uli pena. Si funso lililonse limene a help desk ayenera kuyankha, ngakhale atalilemba bwino chotani.

Ine ndimatenga magazi ndi kuyeza BP mu timu. Tsiku lina mnzanga wachinyamata anayeza mwana pa HemoCue, kamakina koyeza kuchuluka kwa magazi, makina n'kuonetsa 6.8. Iye anaimbira help desk kufunsa ngati makina awonongeka. Amene anayankha anali wa makompyuta, munthu wabwino ndithu, anamuuza kuti azimitse n'kuyatsanso. Komatu mwana amene magazi ake ali pansi pa 7 ndi wodwala kwambiri, ayenera kupatsidwa kalata apite kuchipatala. Mwamwayi supavaiza anali pafupi, anaona mwanayo m'maso ndi m'manja muli mbuu, n'kulemba kalata. Chikhala kuti panalibe supavaiza, bwenzi mwanayo atasiyidwa pakhomo ife tikulimbana ndi makina.

Ndiye mayankho anuwo muwagawe malinga ndi mwini wake. Za tabuleti n'zanu. Za tanthauzo la funso n'za amene analemba mafunsowo. Za thupi la munthu n'za namwino kapena dokotala wa kafukufuku, ndipo yankho lake lisalowe m'bukumo iye asanalione. Pa mafunso otere ntchito ya help desk ndi kudziwa kuti "ili si langa" n'kulumikiza foni msanga.

Ndipereke chitsanzo china. Johannesburg ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,750 kuchokera pa nyanja yaikulu. Anthu okhala kumtunda chonchi magazi awo amaonetsa nambala yokwererapo kusiyana ndi a ku Durban, kapena kwathu ku Nsanje. Wina atamva zimenezi anayamba kuchotsera yekha nambala asanalembe. N'kulakwa. Pa kafukufuku wathu umalemba zimene makina aonetsa, kuchotserako amachita ndi owerengera ku ofesi. Wina akachotsera kumunda, ku ofesi n'kuchotseranso, ndiye kuti munthu wabwinobwino tamusandutsa wodwala. Nkhani ngati imeneyi ikayenda pakamwa imafika itapindika. Iyenera kulembedwa kamodzi, molondola, ndi dzina la amene waivomereza.

Bambo a Tadala:
Amayi mwalasa. Muwonjezerepo za makadi a magazi. Khadi liyenera kuuma bwinobwino kwa maola angapo lisanalowe m'kathumba kokhala ndi timapaketi toyamwa chinyezi. Nyengo ya mvula achinyamata amafulumira chifukwa cha taxi, n'kulitsekera lili lonyowa. Ku labu likafika lachita nkhungu.

Anamwino Nangondo:
Eya bambo. Ndipo china chimene chimandiwawa kwambiri ndi zithunzi. Munthu tabuleti ikamuvuta amajambula sikirini n'kuponya pa gulu kuti "onani zikuchitikazi". Pa sikirini pomwepo pali dzina la mayi, adiresi yake, mwinanso yankho lake pa funso la HIV. Gululo lili ndi anthu 100, ena anasiya kale ntchito koma sanachotsedwe. Mayi uja tinamulonjeza pakhomo pake kuti zimene anena sizituluka, n'chifukwa chake anatiuza. Kuno kulinso lamulo la POPIA loteteza zinsinsi za anthu, limene aliyense anayenera kuyamba kulitsata pofika 1 July 2021, ndipo nkhani za umoyo wa munthu limaziika m'gulu lotetezedwa mwapadera. Chindapusa chake chimatha kufika R10 miliyoni. Koma ngakhale lamulolo likanapanda kukhalapo, ndi manyazi athu. M'buku lanulo musalowe dzina, adiresi, kapena chithunzi cha fomu ya munthu weniweni. Mukafuna chithunzi chophunzitsira, jambulani fomu yoyeserera.

Chimwemwe Diepsloot:
Moni makolo ndi akuluakulu. Ine ndine wamng'ono pa ntchitoyi, uno ndi mwezi wachitatu. Ndimaopa kulemba koma nkhaniyi yandikhudza.

Chimene sichinanenedwe n'chakuti enafe sitiimba n'komwe. Sabata yanga yoyamba ndinaimba kawiri tsiku limodzi. Kachitatu amene anayankha anapumira m'mwamba n'kunena kuti, "Iwenso? Pa training unali kuti?" Kuyambira tsiku limenelo ndinasiya. Ndikakakamira ndimangoganiza ndekha n'kudina chimene chikuoneka ngati cholondola. Sindikunyadira, koma ndi zoona, ndipo si ine ndekha.

Funso limene linandivuta linali la banja. Ku Diepsloot ukalowa pa geti limodzi umapeza nyumba ya mwini malo kutsogolo, kumbuyo kuli tizipinda ta malata 6 kapena 7. M'kachipinda kena muli anyamata anayi ochokera kwathu, sali pachibale, amasonkha lendi, koma awiri amaphika limodzi, awiri aliyense mphika wake. Ndiye ndilembe mabanja angati? Buku limati banja ndi anthu okhala pamodzi n'kumadya za mumphika umodzi. Koma chitsanzo cha m'bukumo ndi bambo, mayi ndi ana. Za anyamata anayi mulibe. Ine ndinalemba banja limodzi. Mnzanga wa timu ina atakumana ndi zofanana analemba atatu. Tonse tinapitiriza choncho mpaka supavaiza atatulukira patatha milungu iwiri.

Nachisale:
Chimwemwe mng'ono wanga, zikomo chifukwa cholimba mtima. Mawu aja "iwenso?" sindinakunene ndine, koma ndikudziwa kuti tsiku lotopa nanenso liwu langa limauma. Ndawamva, ndipo mawa ndikawauza anzanga awiri aja.

Bambo a Tadala:
Mwana wanga, akuluakulu anati safunsa anadya phula, koma wofunsidwayo akamakalipa ndiye kuti phulalo wamudyetsa ndi iyeyo. Ndipo taonani kukula kwa nkhani imene wabweretsayi. Vuto la tabuleti limaoneka, fomu ikakana yakana. Koma vuto la tanthauzo silioneka. Fomu imapita bwinobwino, seva imalandira, aliyense akusangalala, pamene matimu 24 akuwerenga mabanja m'njira zitatu zosiyana.

Manambala amene timamva pa wailesi amachokera pa mageti amenewa. A HSRC, bungwe la kafukufuku la kuno ku South Africa, atachita kafukufuku wawo wachisanu ndi chimodzi wa HIV mu 2022 analengeza kuti anthu pafupifupi 7.8 miliyoni m'dziko muno ali ndi kachilomboka, kutanthauza 12.7 peresenti. Kumudzi kafukufuku wa HIV wotchedwa MPHIA wa 2020 mpaka 2021 anapeza 8.9 peresenti mwa akuluakulu. Boma limayang'ana manambala otere pogula mankhwala ndi potumiza anamwino. Pansi pa nambala iliyonse pali mtsikana ngati Chimwemwe ataima pa geti, akuganiza kuti alembe 1 kapena 3.

Ndiye a Nachisale, funso la tanthauzo likayankhidwa kwa munthu mmodzi, m'mawa mwake lifike kwa onse asanagogode khomo loyamba. Uthenga umodzi patsiku, waufupi, pa gulu loti olemba ndinu nokha. Mfundo zisapitirire zitatu. Supavaiza aziwerengera timu mokweza m'galimoto. Pamenepo madzulo athu aja abwerera, kungoti asanduka m'mawa.

Madalitso Alex:
Chabwino, ndinene chimene chili pansi pa mtima, poti tonse muno ndife a kumudzi kumodzi.

Ine ntchitoyi ndaigwira zaka zisanu, makontrakiti a miyezi itatu itatu. Kontrakiti ikatha umakhala pakhomo kudikira foni. Chimene chimachititsa kuti andiitanenso n'chakuti ndimadziwa zimene ena sadziwa. Ndimadziwa kuti ku hostel sulowa usanaonane ndi induna, mkulu wa pamalopo. Ndimadziwa kuti m'mafulati a ku Hillbrow uyambe ndi caretaker, ndipo upite Loweruka masana chifukwa mkati mwa sabata anthu kulibe. Ndimadziwa polankhula ndi gogo amene akukayika. Tsopano mukuti ndilembe zonsezi m'buku. Mawa abwana atenga mwana wa ku koleji wotchipa, amupatsa bukulo, ine wobwera ndili pakhomo. Lendi ku Alex sadikira, ana ku Ntcheu akufuna fizi. Nzeru imeneyi ndiye khasu langa. Ndipereke bwanji?

Mphatso Randburg:
Achimwene, mantha amenewo ndi enieni, sindingakutsutseni. Kwathunso anthu amabisa. Chimene ndaona ine n'chakuti yankho lililonse likakhala ndi dzina la amene analibweretsa, zinthu zimasinthako. Abwana akamaona dzina limodzi pa mayankho 15 amene matimu onse akugwiritsa ntchito, amadziwa kuti uyu ndi ndani. Pamene nzeru ili m'mutu mokha, amene amaidziwa ndi supavaiza wako yekha, ndipo iye akachoka umboni wako wapita.

Madalitso Alex:
Dzina pa pepala silinaletsepo munthu kuchotsedwa ntchito, asisi.

Bambo a Tadala:
Zoona, silinaletsepo, ndipo palibe muno angakulonjeze kontrakiti. Koma ndikufunse, Madalitso. Za induna unaphunzira kwa yani?

Madalitso Alex:
Kwa mayi wina wa Chizulu amene ndinali naye mu timu yoyamba. Anandigwira dzanja pa geti la hostel n'kundibweza, nditatsala pang'ono kulowa ndekha.

Bambo a Tadala:
Ndiye ganizira kuti mawa ndi Chimwemwe ali pa geti limenelo, ndipo mayi ujayo palibe. Za luso lako lonyengerera gogo sunga, ngakhale utalemba palibe angalitenge, limakhala m'mawu ndi pankhope. Koma chimene chingapulumutse mnzako kuti asavulale, chimenecho usachisunge.

Ndipo a Nachisale, inu mukapite kwa akuluakulu ndi pempho: amene abweretsa mayankho ogwira ntchito azilembedwa m'kalata yawo yotsanzikana kontrakiti ikatha, ndipo pa training yotsatira aziitanidwa kudzaphunzitsa, molipidwa. Musapemphe nzeru za anthu ulele pamene ena akulandira malipiro a mwezi ndi mwezi.

Madalitso Alex:
Za chitetezo ndipereka, pamenepo mwandigonjetsa bambo. Koma zina zisalembedwe. Musalembe kuti nyumba yakuti muli anthu opanda mapepala, kapena dzina la caretaker amene amatitsegulira. Pepala limayenda, ndipo silisankha wowerenga.

Anamwino Nangondo:
Pamenepo ndili nawe kwathunthu. Palembedwe njira yolowera, osati anthu.

Che Saidi Fordsburg:
Ndibwerere ku zida. Chilichonse mulembe chizitseguka popanda intaneti. Mukukumbukira 2023, loadshedding ili pa stage 6, ma tower akuzima, netiweki kusowa maola. Nthawi imene munthu akufunitsitsa yankho ndi yomweyo imene alibe netiweki. Ndiye likhale fayilo ya PDF m'tabuleti momwemo, yoti ungafufuze mawu, ndipo mayankho 10 ofunsidwa kwambiri akhale pa khadi la pulasitiki m'chikwama. Tabuleti ikazima, PDF yazimanso.

Muikemo ndi za GPS, yolemba malo amene waima. Pa ODK fomu imadikira kuti GPS ilondole malowo mosaphonya kuposa mamita 5 isanadzilembe yokha, pokhapokha okonza fomu atasintha. Pakati pa nyumba zitalizitali za ku Hillbrow ndi Berea, kufupi ndi Ponte kuja, ungaime mpaka miyendo kuwawa. Munthu atuluke panja, aime pamalo poonekera kumwamba, adikire pang'ono. Akuluakulu anu anene okha kuti ikakanika ndi mamita angati amene avomereze, zilembedwe.

Chimwemwe Diepsloot:
Koma kutulutsa tabuleti pamsewu ku Hillbrow ndi nkhani inanso, Che Saidi.

Madalitso Alex:
Usaime wekha. Mnzako aime kumbuyo kwako, dalaivala akhale pafupi injini ikulira, ukamaliza tabuleti m'chikwama pompo. Ndipo osavala chikwama chokhala ndi chizindikiro cha kampani ya tabuletiyo. A Nachisale, lembani imeneyo, ikhale yanga yoyamba.

Mphatso Randburg:
Chenjezo limodzi lomaliza kwa ine, chifukwa linatiluma. Yankho lakale ndi loopsa kuposa kusowa yankho. Fomu ikasinthidwa, funso limene linali nambala 214 limasanduka 216, ndipo munthu wotsatira pepala lakale amalakwitsa ali ndi chidaliro chonse. Yankho lililonse likhale ndi deti, version ya fomu, ndi dzina la woliyang'anira. Fomu yatsopano ikatuluka, tsiku lomwelo wina akhale pansi adutse mayankho onse. Makadi akale a mayankho muziwatolera m'manja, musangonena kuti "tayani".

Nachisale:
Abale, ndakhala ndikulemba m'kope pamene mukulankhula. Ndayesa loyamba, mundikonze:

"Fomu ikukana kupita. Choyamba: usachotse app, usadine clear storage. Mafomu ako ali bwinobwino m'tabuletimo ngakhale atakhala masiku angapo. Yang'ana deti ndi nthawi pamwamba pa sikirini. Ngati n'zolakwika, pita ku Settings, ukonze, uyesenso kutumiza. Ngati deti ili bwino, ona ngati data ilipo. Zikakanikabe, pitiriza ntchito, utitumizire uthenga wa nambala ya timu yako, tikuimbira ndife. Chimayambitsa: batire ikatheratu deti imasokonekera."

Pansi pake ndiika mawu ofufuzira a Chingerezi, Chizulu ndi Chisutu, anzanga aku ofesi andithandiza kumasulira.

Chimwemwe Diepsloot:
Mzere woti "mafomu ako ali bwinobwino" ndi umene ukanandikhazika mtima pansi. Munthu umachotsa app chifukwa cha mantha. Koma asisi, "tikuimbira ndife" muikepo nthawi. Ukangodikira osadziwa mpaka liti, umayambanso kumvera malangizo a mnzako.

Nachisale:
Ndiika mphindi 30. Ndikambirana ndi anzanga kuti mmodzi azisiya kulandira mafoni mphindi 30 zilizonse n'kubweza a amene adikira.

Anamwino Nangondo:
Nanga mtsikana wa ku Orange Farm uja zikhala bwanji?

Nachisale:
Akuluakulu avomera kuti abwerere ku mabanja 9 aja Lachisanu ndi Loweruka, ndipo masikuwo amulipira. Magazi satenganso, angofunsanso mafunso n'kulumikiza ndi ma barcode amene ali pa pepala lotumizira makadi. Chimene akuopa n'choti anthu akamukana.

Bambo a Tadala:
Asapite yekha, supavaiza apite naye. Akafika asanamizire makina okha kapena kuzungulira. Anene kuti, "Mayi, zimene munandiuza zija zinafufutika, sizinapite kwa munthu wina aliyense, ndabwera kudzapempha nthawi yanu kachiwiri." Awerengenso chikalata chopempha chilolezo kuyambira poyamba, chifukwa amene anavomera Lachiwiri ali ndi ufulu wokana Loweruka. Wokana amusiye mwaulemu, alembe kuti wakana. Ena akana ndithu, muuzeni asadabwe.

Madalitso Alex:
Ku Orange Farm Loweruka m'mawa anthu ambiri amakhala ku maliro. Ayambe cha m'ma 2 koloko. A Nachisale, ndikutumizirani ku inbox za hostel usiku uno, koma ndilankhula pa voice note, kulemba mulembe ndinu. Mukamaliza munditumizire ndione ngati simunapinde mawu anga.